Logula, lobwereka ndi longolisiya pashelefu: kuyerekeza mabuku a social work

Mndandanda wa mabuku umene wophunzira social work, ntchito yothandiza anthu ndi mabanja amene ali pamavuto, amalandira kumayambiriro kwa chaka umakhala wautali moti ukauyang'ana mtima umayamba kugunda, dzanja lili m'thumba. Koma kutalikako si vuto lenileni. Vuto n'lakuti mndandandawo umaika mabuku onse pamzere umodzi ngati ndi ofanana, chonsecho ena amatha ntchito pakangopita zaka ziwiri, ena mumangowafunira mayeso a teremu imodzi, pomwe ena mudzawatsegulabe imvi zitamera.

Ine ndinagwamo. Buku loyamba limene ndinagula ndi ndalama zanga linali lija lalikulu kuposa onse, lolemera ngati njerwa ziwiri, ndipo ndinkayenda nalo m'chikwama monyadira. Itafika nthawi yokayeserera ntchito, anandituma kukacheza ndi mayi wina amene mwana wake anali atasiya kupita kusukulu. Tinapatsana moni, ndinakhala pansi, ndinatsegula kope.

"Mayi, zinthu zikuyenda bwanji pakhomo pano?"

Iwo maso ali pansi, chala chikukanda m'mphepete mwa mpando. "Bwinobwino."

Kenako kunangoti zii. M'chikwama changa munali mutu wathunthu wonena za umphawi, wina wa nkhanza za m'banja, wina wa mbiri ya ntchito yathu kuyambira m'zaka za m'ma 1800, koma munalibe ngakhale tsamba limodzi londiuza chonena munthu akayankha kuti "bwinobwino" pamene nkhope ikunena zina. Ndinathamangira funso lachiwiri, lachitatu, lachinayi, mpaka macheza anasanduka ngati a kupolisi. Ndinatuluka ndi kope lodzaza koma ndisanamve kanthu.

Kuyambira tsikulo, ndisanatulutse ndalama ndimalifunsa buku mafunso atatu. Likuyankha funso lanji? Lidzakalamba liti? Linalembedwera anthu akuti? Mayankho ake ndi amene amandiuza ngati ndiligule, ndilibwereke kapena ndingolisiya pomwe lili.

Mabuku akuluakulu oyambira

Awa ndi amene amakhala pamwamba pa mndandanda. Lodziwika kwambiri ndi Introduction to Social Work and Social Welfare la Charles Zastrow, limene lakhala likukonzedwanso kambirimbiri. Buku lotere lili ngati chulu: ukakwerapo umaona munda wonse. Mumadziwa kuti ntchitoyi imagwiridwa m'zipatala, m'ndende, m'sukulu, pakati pa okalamba, anthu olumala, othawa kwawo, ndiponso m'maofesi okonza ndondomeko za boma. Kwa munthu wa chaka choyamba amene sanasankhe mbali, zimenezi n'zothandiza ndithu. Koma munda sulimidwa uli pachulu. Nkhani iliyonse imangopatsidwa masamba ochepa, ndipo mbali yaikulu ya buku la Zastrow imafotokoza dongosolo la ku United States, monga lamulo la Social Security Act la 1935 ndi thandizo la zachipatala la Medicaid. Ngati simudzagwira ntchito kumeneko, mukulipirira masamba ambiri amene simudzawafunanso mayeso akatha.

Understanding Social Work la Neil Thompson wa ku Britain n'lalifupi, ndipo limatha kuwerengeka m'masabata awiri popanda kuthyoka msana. Ngati mukungofuna kumvetsa kuti ntchitoyi n'chiyani ndipo imasiyana bwanji ndi uphungu wamba kapena kungogawa thandizo, lalifupilo likukwanani. Lalikululo kabwerekeni ku laibulale.

Abale ake a mabuku amenewa ndi aja ofotokoza kakulidwe ka munthu kuyambira ali khanda mpaka atakalamba, okhala ndi magawo asanu ndi atatu a Erikson, maganizo a Piaget pa kaganizidwe ka ana, ndi zimene Bowlby analemba pa ubale wa mwana ndi womulera. Zimenezi sizisintha chaka ndi chaka, choncho lakale lomwe wina anagwiritsa kale ntchito n'lokwanira.

Theory: mapu kapena ulendo weniweni

Ophunzira ambiri amaopa theory, maganizo ofotokoza mavuto a anthu ndi njira zowathandizira, chifukwa amaiphunzira ngati mayina oloweza pamtima. Apa pali njira zitatu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Yoyamba ndi Modern Social Work Theory la Malcolm Payne, limene linatuluka koyamba mu 1991 ndipo lakonzedwanso kangapo. Payne amatenga njira iliyonse payokha, kaya ndi yothandiza munthu amene ali pamavuto adzidzidzi, kaya yosintha kaganizidwe ndi khalidwe, kaya yoona munthu pamodzi ndi banja ndi dera lake, kaya yolimbana ndi kuponderezana, n'kufotokoza kumene inachokera, mmene imagwirira ntchito, ndi zimene otsutsa amanena. Mbali ya otsutsayo ndi imene imapangitsa bukuli kukhala lamtengo wapatali polemba ntchito ya m'kalasi, chifukwa mphunzitsi safuna kuti mungotamanda njira imodzi. Koma Payne si wowerenga uli chogona. Ziganizo zake n'zothithikana, ndipo amene akuyamba kumene amatha kuwerenga tsamba lonse n'kufika pansi osadziwa chimene wadutsa.

Yachiwiri ndi A Brief Introduction to Social Work Theory la David Howe. Mitu yake ndi yaifupi, ndipo amalemba ngati munthu amene akukufotokozerani muli pakhonde. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso, ndikanayamba ndi Howe kuti mantha achoke, kenako n'kupita kwa Payne pamene ndikufuna kuzama. Ngati thumba likulola limodzi lokha, gulani Payne, chifukwa mudzalifuna zaka zonse za maphunziro, pamene Howe mungamalize m'masiku ochepa n'kubweza.

Yachitatu, imene ambiri amaidumpha, ndi kupita kwa eni ake amene anayambitsa njirayo. Tengani njira yogwira ntchito pa zochita zogwirizana, imene William Reid ndi Laura Epstein anaifotokoza m'buku lawo Task-Centered Casework mu 1972. M'buku la chidule mudzangowerenga kuti ndi njira ya nthawi yochepa, ya miyezi pafupifupi itatu, imene wothandiza ndi wothandizidwa amagwirizana vuto loti athane nalo n'kugawana zochita. Zoona. Koma simudzamva chifukwa chake inabadwa. Mu 1969 Reid ndi Ann Shyne anatulutsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza mabanja amene anathandizidwa kwa nthawi yochepa yokonzedweratu ndi amene anathandizidwa kwa nthawi yaitali, ndipo aja a nthawi yochepa sanatsalire m'mbuyo, pazambiri anachita bwino kuposa anzawo. Pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti thandizo labwino ndi lotenga zaka, zimenezi zinagwedeza ambiri. Ukadziwa nkhani imeneyi, njirayo siikhalanso dzina loloweza. Chimodzimodzi ndi The Strengths Perspective in Social Work Practice, limene Dennis Saleebey anasonkhanitsa mu 1992: kuliwerenga mwachindunji kumakuonetsani kuti kuyang'ana mphamvu za munthu si kumuyamikira chabe ayi, koma kukana chizolowezi cholemba faelo yodzaza zofooka zokhazokha. Mabuku a eni akewa musagule onse. Sankhani njira imodzi imene yakugwirani mtima, mubwereke buku lake, muwerenge mitu iwiri kapena itatu.

Mabuku a luso: apa ndi pamene ndalama yanu iyenera kugwera

Ngati pali buku limodzi loti likhale lanulanu, loti muzilemba m'mphepete mwake ndi pensulo, n'kupinda makona, n'kulidetsa ndi thukuta la m'manja, ndi buku la luso locheza ndi anthu. Luso limeneli silikalamba msanga, ndipo ndi limene mudzaligwiritsa ntchito tsiku lililonse, kaya muli m'chipatala kaya pakhomo pa munthu.

Direct Social Work Practice, limene Dean Hepworth ndi Jo Ann Larsen anayambitsa ndipo ena anadzawonjezera m'makope otsatira, ndi lalikulu, koma ukulu wake uli ndi chifukwa. Muli macheza olembedwa mawu ndi mawu: wothandizidwa wanena izi, wothandiza wayankha izi, ndipo yankholi lalakwika apa. Muli zoyeserera zimene amakupatsani mawu a munthu wokwiya kapena wolira n'kukuuzani kuti mulembe yankho lanu musanaone lawo. Ndi m'buku la mtundu umenewu mmene ndinapeza dzina la cholakwa changa kwa mayi aja: kuunjika mafunso chifukwa choopa bata. Ndinaphunziramo kuti munthu akati "bwinobwino" mungathe kudikira, kupuma kawiri katatu, kenako n'kungonena chimene mwaona, monga kuti "Mukuoneka otopa lero, mayi," n'kusiya pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wachiwiri ndinachita zomwezo, ndipo patapita kanthawi anayamba okha kufotokoza kuti mwanayo ankatsala kunyumba kuti azisamalira mng'ono wake wodwala iwo akapita kuntchito. Palibe funso la pafomu yanga limene likanafika pamenepo. Choipa cha Hepworth n'chakuti zitsanzo zake ndi za ku America, ndipo zambiri zimachitikira m'chipinda chotseka momwe muli anthu awiri okha ndi ola lathunthu.

Pamela Trevithick wa ku Britain analemba buku limene linayamba ndi dzina lakuti Social Work Skills mu 2000, ndipo pambuyo pake linakhala Social Work Skills and Knowledge. Iye amatenga luso lililonse palokha, kuyambira kulonjera munthu, kufunsa, kupereka uthenga wowawa, kukana pempho, kulankhulira munthu kwa akuluakulu, mpaka kutsanzikana ntchito ikatha. N'losavuta kutsegula usiku pamene mawa muli ndi msonkhano wovuta. Poyerekeza ndi Hepworth, lili ndi macheza achitsanzo ochepa, koma limafika pa ntchito zimene wogwira ntchito amakumana nazo kunja kwa chipinda cha uphungu. Wophunzira amene akufuna kuyeserera pang'onopang'ono apite kwa Hepworth. Amene wayamba kale ntchito ndipo akufuna pothawira mwachangu apite kwa Trevithick.

The Skilled Helper la Gerard Egan, la 1975, si la social work yokha, limagwiritsidwanso ntchito ndi aphungu ndi anamwino. Limagawa thandizo m'magawo atatu: zinthu zili bwanji panopa, munthu akufuna zitakhala bwanji, ndipo afikako bwanji. Kusavuta kwakeko n'kumene kumakopa. Koma chenjerani ndi malangizo ake a kakhalidwe ka thupi, aja amati khalani moyang'anizana ndi munthu ndipo muzimuyang'ana m'maso. M'madera ambiri padziko lapansi kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, ndipo kumuyang'anitsitsa mwana wamantha kumangomutseka pakamwa. Tengani cholinga chake, chomwe ndi kuonetsa kuti mukumvetsera, koma njira yake muiyese ndi anthu amene muli nawo.

Pali lina limene sindinalione pa mndandanda wa chaka choyamba koma ndimalilimbikitsa kwa aliyense: Motivational Interviewing la William Miller ndi Stephen Rollnick, lotuluka koyamba mu 1991. Linabadwira m'ntchito yothandiza anthu ovutika ndi mowa, koma phunziro lake limafika paliponse pamene munthu ali ndi mitima iwiri pa nkhani yosintha. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti wothandiza akayamba kulalikira zifukwa zosinthira, wothandizidwayo amatenga mbali inayo n'kuyamba kuteteza khalidwe lakelo. Ndiye luso lagona pomulola iye mwini atchule zifukwa zake. Aliyense amene anayesapo kukakamiza mnyamata kubwerera kusukulu, kapena wodwala kumwa mankhwala, adzadziona m'masamba ake oyambirira, mwina mpaka kuchita manyazi pang'ono.

Ndipo pali kabuku kakang'ono ka Felix Biestek, wansembe wa chipani cha Jesuit amene ankaphunzitsa pa Loyola University ku Chicago. The Casework Relationship kanatuluka mu 1957 ndipo kali ndi mfundo zisanu ndi ziwiri: kuona munthu aliyense ngati iyeyo payekha, kumulola kutulutsa zakukhosi, kukhudzidwa koma modzigwira, kumulandira mmene alili, kusamuweruza, kumusiya asankhe yekha, ndi kusunga chinsinsi. Kalembedwe kake n'kachikale, ndipo kamakhala chete pa nkhani ya umphawi ndi mphamvu zimene zimapondereza anthu, chomwe ndi chifukwa chake olemba a pambuyo pake anakadzudzula. Komabe mawu a akulu akoma akagonera. Mukakapeza kakale kong'ambika pachikuto, katengeni.

Malamulo, ndondomeko ndi mayina a matenda: mabuku okalamba msanga

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndipo nthawi zina amatayirapo ndi mbiri yawo. Buku la malamulo a social work limamangidwa ku dziko limodzi ndi nthawi imodzi. Mnzanga wina wa m'kalasi analemba lipoti lonse la mwana amene ankamuganizira kuti akuzunzidwa, n'kumatchula "section 47" mwamphamvu ngati ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Gawo limenelo ndi la Children Act ya 1989 ya ku England ndi Wales, ndipo limalamula akuluakulu a dera kufufuza ngati akukayikira kuti mwana akuvulazidwa kwambiri. Ndi lamulo lenileni, koma kumene iye ankayeserera ntchito linalibe mphamvu ina iliyonse. Woyang'anira wake anazungulira mawuwo ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali funso limodzi lokha: "Lamulo la kuti?" Buku limene mnzangayo anawerenga linali labwino, kungoti silinalembedwere iye.

Ngakhale m'dziko lomwelo, lamulo likasintha buku limafa tsiku lomwelo. Ku England buku lililonse la chisamaliro cha akuluakulu lolembedwa Care Act ya 2014 isanabwere likhoza kukusocheretsani. Choncho pa malamulo lamulo langa n'losavuta: pezani lamulo lenilenilo la dziko limene mukugwirako ntchito, limene maboma ambiri amaliika pa intaneti, ndipo buku lolifotokoza likhale la posachedwa kwambiri komanso lobwereka. Mapangano a mayiko onse ndi aulere ndipo ndi ofunika kuwawerenga okha osati kudzera mwa wina. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 lili ndi zigawo 54, ndipo gawo 3, lonena za kuika patsogolo zokomera mwana, ndi gawo 12, lonena za kumva maganizo ake, mudzazitchula kambirimbiri pa moyo wanu wa ntchito. Pangano la ufulu wa anthu olumala la 2006 nalonso muliwerenge.

Mabuku a matenda a maganizo amakalambanso chimodzimodzi. DSM, buku la bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, linatuluka kachisanu mu 2013, ndipo panthawiyo dzina la Asperger linasiya kukhala matenda apaokha n'kulowa m'gulu la autism. Mu 2022 bukuli linakonzedwanso n'kuwonjezera chisoni chotalika mopitirira pa imfa ya wokondedwa. Chaka chomwecho ICD-11, mndandanda wa mayina a matenda wa bungwe la World Health Organization, inayamba kugwira ntchito. Wogwira ntchito ya social work m'malo ambiri si amene amatchula matenda, koma ayenera kumva chilankhulo cha madokotala amene akugwira nawo ntchito. Kugula DSM yathunthu n'kosafunika kwa ambiri, ndipo ICD-11 imawerengeka kwaulere pa intaneti.

Makhalidwe oyenera pantchito

Mayina awiri amabwera kawirikawiri. Sarah Banks wa ku Britain, m'buku lake Ethics and Values in Social Work lotuluka koyamba mu 1995, amakuphunzitsani kuganiza: pamene ufulu wa munthu wosankha yekha wawombana ndi chitetezo chake, kodi muyeza ndi chiyani? Amadutsa m'maganizo a katswiri wa nzeru zakuya Kant, a aja oyang'ana zotsatira, a aja oyang'ana khalidwe la wochitayo, ndipo amagwiritsa ntchito nkhani za ogwira ntchito ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Frederic Reamer wa ku America amatsamira kwambiri pa malamulo a khalidwe a NASW, bungwe la ogwira ntchito ya social work kumeneko, ndi pa zimene zingakufikitseni kubwalo la milandu. Kwa iye mudzakumana ndi nkhani ngati mlandu wa Tarasoff ku California, umene mu 1976 khoti linagamula kuti wothandiza ali ndi udindo woteteza munthu amene wodwala wake waopseza kuti amuvulaza, ngakhale zitatanthauza kuswa chinsinsi. Nkhaniyo ndi yophunzitsa, koma ndi chigamulo cha dera limodzi. Ine ndimasankha Banks chifukwa kaganizidwe kamawoloka malire a mayiko pamene malamulo sawoloka. Pambali pake ikani chikalata cha mfundo za khalidwe chimene IFSW ndi IASSW, mabungwe a padziko lonse a ogwira ntchitoyi ndi a sukulu zoiphunzitsa, anavomereza mu 2018, pamodzi ndi cha bungwe loyang'anira ntchitoyi kumene muli.

Funso lachitatu lija: linalembedwera ndani?

Ntchito yathu ili ndi mizu iwiri. Mary Richmond, amene analemba Social Diagnosis mu 1917, anakhazikitsa njira yofufuza ndi kuthandiza munthu mmodzimmodzi ndi banja lake. Jane Addams, amene anatsegula Hull House, nyumba yothandizira anthu osauka, ku Chicago mu 1889 pamodzi ndi Ellen Gates Starr ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1931, anakakhala pakati pa anthu osauka n'kumalimbana ndi malamulo a ntchito, nyumba ndi ukhondo. Mabuku ambiri otchuka a luso amatsatira mzere wa Richmond, ndipo amaganiza kuti kumbuyo kwanu kuli boma lokhala ndi ndalama zothandizira osowa, nyumba zosungirako ana, ndi akatswiri oti mutumizeko munthu. Kumene zinthu zimenezi kulibe kapena n'zochepa, mutu wonse wa "kutumiza kwa ena" umakhala ngati nthano.

James Midgley ananena zimenezi mosabisa mu 1981 m'buku lake Professional Imperialism, pomwe anadzudzula kutengera maphunziro a ku America ndi Britain m'mayiko osauka popanda kufunsa ngati akugwirizana ndi mavuto a kumeneko. Mu 1995 anatulutsa Social Development, lolumikiza chisamaliro cha anthu ndi chitukuko cha chuma. Leila Patel anaonetsa mmene maganizo otere anayesedwera ku South Africa ulamuliro wa tsankho utatha, m'buku la 2005. Mel Gray, John Coates ndi Michael Yellow Bird anasonkhanitsa Indigenous Social Work around the World mu 2008. Ngakhale tanthauzo la social work limene IFSW ndi IASSW anavomereza ku Melbourne mu 2014 limatchula nzeru za eni nthaka ndi udindo wa anthu onse pamodzi, zinthu zimene mabuku akale sankazilabadira.

Sindikunena kuti mutaye Hepworth chifukwa ndi wa ku America. Ndikunena kuti pa shelefu yanu pakhale buku limodzi lotsutsana ndi enawo. Anti-Discriminatory Practice la Neil Thompson limagwiranso ntchito imeneyi mwa njira yake, poonetsa kuti tsankho limakhala pa magawo atatu olowerana: mumtima mwa munthu, m'chikhalidwe, ndi m'kamangidwe ka dziko. Amene amakonda ntchito ya m'madera adzapindula ndi Paulo Freire, ngakhale iye anali mphunzitsi osati social worker.

Kafukufuku, ndi nkhani ya mapepala kapena foni

Pa kafukufuku sindichedwapo. Research Methods for Social Work la Allen Rubin ndi Earl Babbie ndi lokwanira bwino ndipo mudzalifuna kwambiri chaka cholemba ntchito yanu yomaliza. Kope la zaka zingapo zapitazo silikuchimwitsani, chifukwa kasankhidwe ka anthu ofunsidwa ndi kayezedwe ka zotsatira sizisintha ngati malamulo. Pali mabuku ena aulere ovomerezeka, ndipo Open Textbook Library ya University of Minnesota ili ndi angapo a social work ndi kafukufuku.

Buku la pa foni kapena pa kompyuta n'labwino pofufuza liwu limodzi mwachangu, choncho limayenera malamulo ndi kafukufuku. Buku la luso ndimalifuna la mapepala, chifukwa zimene ndinalemba m'mphepete zaka zapitazo zimandiphunzitsa mofanana ndi zimene wolemba analemba. Mafaelo ozembetsedwa amene amayendayenda m'mafoni a ophunzira, kupatula kuti ndi kuba ntchito ya wina, nthawi zambiri amakhala a edishoni yakale, masamba ena kulibe, ndipo manambala a masamba sagwirizana ndi amene mphunzitsi akutchula. Manotsi achidule a anzanu amakudutsitsani mayeso, koma amachotsa ndendende chimene chili chofunika, zitsanzo.

Mukayamba ntchito, shelefu imasintha

Wophunzira amafuna kufalikira, wogwira ntchito amafuna kuzama pamalo amodzi. Amene ali m'ntchito yoteteza ana apeze Effective Child Protection la Eileen Munro, amenenso anatsogolera kuunika kwa dongosolo loteteza ana ku England kumene lipoti lake lomaliza linatuluka mu 2011. Iye amaonetsa mmene wogwira ntchito amakakamirira pa maganizo ake oyamba okhudza banja n'kumanyalanyaza umboni watsopano wotsutsana nawo, cholakwa chimene tonse timachichita tikatopa. Amene amakumana ndi anthu opulumuka ku nkhanza awerenge Trauma and Recovery la Judith Herman la 1992, makamaka chifukwa cha dongosolo lake la kuchira: choyamba chitetezo, kenako kukumbukira ndi kulira, pomaliza kulumikizananso ndi anthu. Ambiri a ife timathamangira gawo lachiwiri, kufuna munthu afotokoze zonse, pamene usiku womwewo akubwerera kukagona m'nyumba imodzi ndi womuzunza. Ndipo tsiku limene adzakukwezani kuti muziyang'anira anzanu, Supervision in Social Work la Alfred Kadushin la 1976 lidzakukumbutsani kuti ntchitoyo ili patatu, kuyendetsa ntchito, kuphunzitsa ndi kulimbikitsa, chifukwa popanda wokukumbutsani mbali yoyambayo imameza zinazo ndipo msonkhano uliwonse umangokhala wowerenga mafaelo otsalira.

Buku lililonse limene simunalimvepo, liyeseni kwa mphindi khumi musanalipire. Ganizirani munthu mmodzi amene anakusowetsani mtendere sabata yathayi, kaya ndi bambo wokana kulankhula, kaya mtsikana amene anakupemphani kuti musauze aliyense. Pitani kumapeto kwa buku pa mndandanda wa mawu, mufufuze vuto limenelo, mutsegule tsambalo, muwerenge masamba atatu. Onani ngati pali munthu amene akulankhula m'masambamo kapena ndi mfundo zokhazokha zoimikidwa pamzere. Kenako tembenuzani tsamba lachiwiri kuchokera kuchikuto muone chaka chimene linasindikizidwa ndi mzinda, ndipo muyang'ane zaka za mabuku amene wolembayo akutchula kumapeto, chifukwa pali makope ena amene chatsopano chake ndi chikuto chokha. Ngati masamba atatu aja akupatsani chiganizo chimodzi chimene mungakanene Lolemba m'mawa kwa munthu uja, funsani mtengo. Ngati ayi, libwezeni pamalo pake ndipo mukafunse woyang'anira wanu kuti ndi buku liti limene iye analiwerenga mpaka chikuto kuthothoka.